Tinabwerera miyendo, nanga chifuwachi chachokera kuti?

Gulu la pa WhatsApp: Makolo a ku Dedza ndi Umoyo wa Ana

Lachiwiri usiku

Amake Yamikani (Lobi): Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndalemba usiku, tulo tandithawa. Ndili kuchipatala ndi mwana wanga wa zaka 6, uja ndinakuuzani kuti anamupeza ndi matenda a magazi a sikoselo (sickle cell) chaka chatha. Tinabwera Loweruka chifukwa cha miyendo ndi msana, ankalira osalola ngakhale kumufunditsa chitenje. Anamupatsa mankhwala opha ululu ndi madzi a diripi, dzulo anayamba kuseka, ine n'kumati basi mawa atitulutsa. Koma lero masana thupi latentha, wayamba kutsokomola, akugwira pansi pa bere lakumanja akuti pakubaya. Akupuma mwabefu, pakhosi apa pakuchita kulowa. Kachipangizo kaja amapanitsa pachala poyeza mpweya wa m'magazi kanatsika n'kuwerenga 86, pomwepo anamuika pa mpweya. Atenganso magazi kukayeza gulu lake kuti amuthire. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti matenda ake ndi a magazi, ndipo ife tinabwerera miyendo. Nanga chifuwachi chachokera kuti? Kapena watengera kwa ana anzake muwodi muno?

Aphunzitsi (Golomoti): Pepani kwambiri mayi. Ambuye akhale nanu usiku uno. A Sisita, a Kiliniko, ngati muli maso tathandizani.

ANaphiri (Mayani): Pepani achemwali. Limbani mtima, tili nanu.

Malume a ku Joni: Chimenecho ndi chisanu cha kwathuko basi. Mwezi wa June ku Lobi si masewera, ine ndakulira komweko. Mphepo yamulowa m'nthiti. Akatuluka mukamufunditse bulangeti pa nthunzi ya masamba a bulugamu, ife anatilera choncho ndipo tinakula.

A Sisita opuma (Bembeke): Amake Yamikani, ndili maso mwanawe. Poyamba ndikuuzeni kuti simunalakwitse kalikonse, ndipo n'zotheka ndithu kuti sanatengere kwa munthu. Zimene mwafotokozazi ndinaziona kambiri pa zaka zanga za ntchito. Mwana wa sikoselo amabwera ndi ululu wa m'mafupa, pakatha masiku awiri kapena atatu vuto limasamukira m'chifuwa. Madokotala amalitcha acute chest syndrome. Ndi amodzi mwa mavuto oopsa kwambiri a matendawa, n'chifukwa chake anzathuwo athamanga ndi mpweya komanso magazi. Achita bwino.

Ndifotokoze mmene zimakhalira. Tizigawo tofiira ta m'magazi a munthu timakhala tobulungira ndi tofewa, timapinda n'kudutsa m'timitsempha tating'ono kwambiri, ndipo timakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. Ta mwana wa sikoselo, mpweya ukachepa m'magazi, timapindika ngati mwezi wongooneka kumene, timauma, timamatirirana, ndipo timafa pa masiku 10 mpaka 20 okha. Tsono magazi onse a m'thupi amayenera kudutsa m'mapapo kukatenga mpweya, ndipo timitsempha ta m'mapapo ndi topyapyala kuposa tsitsi. Tizigawo topindikato tikatsekereza pamenepo, mbali ya phapolo imasiya kugwira ntchito, mpweya m'magazi umatsika, ndiye tizigawo tina tambiri timapindikanso. Zimangozungulira choncho mpaka wina adule chingwecho. Magazi amene amuthirewo ndiwo odulira, chifukwa amabwera ndi tizigawo tabwinobwino.

Amake Yamikani (Lobi): Zikomo a Sisita, ndamva. Koma miyendo ija ikukhudzana bwanji?

A Kiliniko (Dedza boma): Ndiwonjezere pa zimene anena a Sisita. Njira zake zilipo zingapo ndipo nthawi zambiri zimabwera mophatikizana. Mafupa akamapweteka ndiye kuti mafuta a m'kati mwa fupa akusowa magazi. Tizidutswa ta mafutawo timatha kuthothoka, kuyenda ndi magazi n'kukakodwa m'mapapo. Chachiwiri, mwana amene akumva ululu pamsana kapena m'nthiti amaopa kukoka mpweya wambiri, amangopuma pamwambamwamba, ndipo wagona chagada masiku atatu. Kunsi kwa mapapo kumafwapa ngati chibaluni chopanda mpweya. Chinanso ndi tizilombo, chifukwa ana amenewa kapamba wawo amawonongeka adakali aang'ono, pamene kapamba ndi amene amasefa tizilombo toyambitsa chibayo. Pa chithunzi cha X-ray sungasiyanitse bwinobwino chibayo wamba ndi vutoli, ndiye timapereka zonse pamodzi: mpweya, maantibayotiki, opha ululu, madzi moyeza, ndi magazi ngati akufunika.

Pali chimene inuyo mungachite pompano. Asamangogona. Mutsamiritseni akhale tsonga. Akamadandaula ululu auzeni anesi, musamuuze kuti apirire, chifukwa ululu ndi umene ukumuletsa kupuma mozama. Akapezako bwino, anesi akalola, pa maola awiri alionse ali maso azikoka mpweya wambiri kakhumi. Mwana sangamve zowerenga, ndiye thirani madzi pang'ono m'botolo, ikanimo kapaipi komwera juwisi, aziuzira kuti madzi azichita thovu. Kuti auzire amayamba wakoka mpweya wodzaza chifuwa, ndipo chimene tikufuna n'chimenecho.

A Sisita opuma (Bembeke): Malume, pa za chisanu simunaphonye kwenikweni. Kuzizidwa kumautsadi ululu wa sikoselo, monganso malungo ndi kusowa madzi m'thupi. Mwana wotere kuno kwathu azivala juzi ndi sokosi, asamasambe madzi ozizira m'mamawa. Koma za nthunzizo ayi ndithu, ndakupemphani. Mwana amene akusowa kale mpweya, kumutsekera m'bulangeti ndi kumuonjezera mavuto. Ndipo ana amene ndinawatsukapo zilonda za moto atagubuduza mphika wa madzi owira m'kati mwa bulangeti si mmodzi kapena awiri.

Malume a ku Joni: Ndamva mayi. Ndimanena mwachikondi, sindinadziwe kuti n'zazikulu choncho.

Lachitatu

Abambo a Chifundo (Linthipe): Mwadzuka bwanji. Ndawerenga zonse m'mawa uno ndipo mtima wandiwawa, chifukwa funso la amake Yamikani ndi limene ine ndinachedwa kufunsa. Mwana wathu wamkazi anadwala chibayo kanayi asanakwanitse chaka. Nthawi iliyonse amoxicillin kapena jakisoni, apezeko bwino, pakatha mwezi ndi theka zayambiranso. Mayi ake ankandiuza kuti mwanayu akamayamwa amatuluka thukuta pachipumi ngati munthu akulima, amayamwa pang'ono n'kusiya kuti apume, kenako n'kuyambiranso. Ine ndinkati ndi mmene anabadwira. Kusikelo mzere wake unangogona, osakwera.

Kulakwa kwanga kunali uku. Tikaona kuti uku sizikutheka tinkapita kwina, ndipo kawiri konse ndinagula kabuku katsopano ka kuchipatala chifukwa kakale tinakaiwala kunyumba. Ndiye aliyense womuona ankayesa ndi chibayo choyamba. Tsiku lina mkazi wanga anatenga timabuku tonse titatu. Dokotala amene tinamupeza anatiyala patebulo, n'kuwerenga masiku ake, kenako anakhalitsa akumvetsera pachifuwa, osati kumsana kokha. Anati akumva phokoso mumtima. Anatitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene anamuunika mtima n'kupeza kabowo pakhoma la pakati pa zipinda ziwiri zam'munsi. Anatifotokozera kuti magazi amadutsira pa kabowoko n'kumapita ochuluka kwambiri ku mapapo, ndiye mapapo amakhala onyowa nthawi zonse, kachimfine kalikonse n'kusanduka chibayo. Anamuyambitsa mankhwala ochotsa madzi m'thupi. Pano ali ndi zaka 3, timapitabe kukamuunika, ndipo akuti kabowoko kakucheperachepera. Chaka chino sanagonekedwepo.

Amake Yamikani, mwana wagona bwanji?

Amake Yamikani (Lobi): Amuthira magazi usiku womwewo cha m'ma 2 koloko. Akadali pa mpweya, kachipangizo kaja kakuwerenga 92. Thupi likutenthabe koma wamwako phala masipuni angapo.

Aphunzitsi (Golomoti): Tithokoze Mulungu.

A Kiliniko (Dedza boma): Bambo a Chifundo, nkhani yanu ya timabukuyo ndikanakonda kholo lililonse pagulu pano litaimva. Ife tikakhala ndi mzere wa anthu mpaka panja, mwana wotsokomola ndi wopuma mofulumira timamuona ngati wa chibayo, ndipo kawirikawiri zimakhaladi choncho. Chimene chimatidzutsa ndi kubwerezabwereza. Mwana akadwala chibayo kawiri m'chaka chimodzi, kapena katatu chibadwire, funso lisinthe. Tisamangofunsa kuti timupatse mankhwala ati, tizifunsa kuti n'chiyani chikufooketsa mapapo a mwana ameneyu. Mwina ndi mtima, mwina magazi, mwina HIV, mwina kunyentchera, mwina mphumu, mwina chakudya chikulowera kolakwika. Inu makolo nenani nokha musanafunsidwe kuti aka n'kachitatu.

A Sisita opuma (Bembeke): Pa za mtima ndiwonjezere za ana okulirapo, a msinkhu wa sukulu. Zilonda zapakhosi zija timazipeputsa, zina zimayambitsidwa ndi kachilombo kotchedwa strep. Zikapanda kuchizidwa ndi penisilini, thupi polimbana nako limatha kuwononga zitseko za mumtima. Pakapita zaka mwana amayamba kutopa akamakwera chitunda, usiku amatsokomola, sangagone chagada mpaka atatsamira mapilo, chifukwa magazi akubwerera m'mapapo. Ambiri amayamba apatsidwa mankhwala a mphumu kapena a TB. Akapezeka, amabayidwa jakisoni wa penisilini wotchedwa benzathine milungu itatu kapena inayi iliyonse kwa zaka zambiri kuti mtima usapitirire kuwonongeka. Jakisoniyo amapweteka, ana amamuthawa, koma kudumphitsa n'kumene kumapha.

ANaphiri (Mayani): Ine ndakhala chete kuyambira dzulo, ndimalimbana ndi mtima kuti ndinene kapena ayi. Ndikulera mwana wa malemu mng'ono wanga, mtsikana wa zaka 13. Anabadwa ndi kachilombo koma tinadziwa ali ndi zaka 8, mayi ake atatisiya. Ma ARV amamwa mokhulupirika, ndimamupatsa ndekha, ndipo akuti tizilombo m'magazi sitikuonekanso. Koma chifuwa sichitha. M'mawa uliwonse amalavula makhololo pafupifupi theka la kapu yaing'ono. Wamwa mankhwala a TB kawiri, miyezi 6 ulendo uliwonse, pamene makhololo ake sanapezekepo ndi TB. Akapita kudambo kukatunga madzi amapumira panjira katatu. Nsonga za zala zake zinatupa ngati timitu ta ndodo zoimbira ng'oma, zikhadabo zinakhota. Anzake kusukulu amamusala, amati awapatsira. Kodi ndiye kuti mankhwala sakugwira?

A Kiliniko (Dedza boma): ANaphiri, mwachita bwino kulankhula, ndipo ntchito imene mukugwira pa mwanayo ndi yaikulu. Ma ARV akugwira, umboni wake ndi zotsatira za magazizo. Sindingamupime pafoni, koma zimene mwanenazi zimadziwika bwino kwa ana amene anabadwa ndi HIV n'kuchedwa kuyamba mankhwala. Pa zaka 8 zimene thupi linalibe chitetezo, zibayo zobwerezabwereza zinasiya zipsera. Timapaipi ta mpweya tina tinafutukuka n'kumasunga makhololo, tina ting'onoting'ono tinatsekeka. Chipsera sichimva mankhwala a TB, komanso sichipatsirana, zimenezi aphunzitsi ake adziwe. Zala zotupa kunsongazo ndi chizindikiro chakuti vuto la m'chifuwa lakhalitsa.

Sikuti palibe chochita. Akayezedwe makhololo pa makina oyezera TB a GeneXpert nthawi iliyonse zikasintha, chifukwa TB ikhoza kubweradi, makamaka akayamba kuonda kapena kutuluka thukuta usiku. Bactrim, mankhwala omutchinjiriza ku matenda ena, asamadumphitse. Akuphunzitseni kumugoneka chammbali ndi kumuomba pamsana ndi dzanja lopinda ngati chikho kuti makhololo azituluka m'mawa ndi madzulo. Panalinso kafukufuku wotchedwa BREATHE amene anachitika ku Blantyre ndi ku Harare pa ana a zaka 6 mpaka 19 a vuto ngati limeneli. Ankawapatsa mankhwala opha tizilombo otchedwa azithromycin kamodzi pa mlungu kwa milungu 48. Mapapo sanabwerere mwakale, koma kudwaladwala kwa chifuwa kunachepa. Musakagule nokha kufamase. Mukapita kukatenga ma ARV pemphani kuti muonane ndi dokotala, amujambule, amuunikenso mtima chifukwa mapapo akadwala nthawi yaitali mtima nawo umalema.

Alangizi a zaumoyo (Kasina): Pamenepa ndipemphe amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali pagulu pano. Kuyambira 2011 dziko lathu linayamba kupereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo, ndipo ana obadwa nako anachepa kwambiri. Koma mwana wobadwa kwa mayi wotere ayezedwe pa milungu 6, pa miyezi 12, ndi pa miyezi 24, ndipo ayambe Bactrim pa milungu 6 pomwepo. Pali chibayo china chimene chimagwira makanda a miyezi 3 mpaka 6 amene ali ndi kachilombo. Thupi silitentha kwambiri, koma mwana amabanika koopsa, ndipo amoxicillin sachiza. Bactrim uja ndiye amatchinga chimenechi. Ndikamayenda m'midzi ndimapeza mabotolo osatsegula, mayi akuti mwana sakudwala. Amamwera kuti asadwale.

Katemera wa chibayo nayenso anayamba mu November 2011, amabayidwa pa milungu 6, 10 ndi 14. Wa chikuku ndi pa miyezi 9 ndi 15, ndipo chikuku chikamapha ana nthawi zambiri chimaphera m'mapapo.

ANaphiri (Mayani): Zikomo. Misozi ikutuluka. Ndinkadziimba mlandu kuti mwina ndikulakwitsa kamwedwe ka mankhwala.

Malume a ku Joni: Nanga utsi wa m'khitchini? Kwathuko kukazizira timasonkha moto m'nyumba, zitseko zotseka, ana ali pomwepo. Bwanji osangogawa mbaula zamakono basi vuto lithe?

Alangizi a zaumoyo (Kasina): Utsi ndi woipadi malume, makamaka kwa ana amene tikukambawa, ndipo mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha ngakhale akuluakulu. Koma mbaula yokha si yankho lonse. Ku Chikwawa ndi ku Karonga anachita kafukufuku pa ana oposa 10,000, mabanja ena anawapatsa mbaula zosatulutsa utsi wambiri, ena n'kumaphika monga mwa masiku onse. Chibayo sichinachepe mwa ana a mabanja a mbaulawo. Mwana amapumabe utsi wa zinyalala, wa kwa aneba, wa fodya. Ine ndimangowauza amayi kuti pophika mwana asakhale kumsana, khitchini ikhale ndi zenera, ndipo abambo azikasutira kutali.

Amake Mphatso (Mtakataka): Kuno kumunsi kulibe chisanu chanucho koma malungo ndiye eni mudzi. Mwana wanga anadwala malungo a mu ubongo ali ndi zaka 2, anakomoka masiku anayi. Anadzuka, koma khosi silinalimbenso, sakhala yekha, sayankhula. Chitulukireni chibayo chinangokhala ngati mlendo wa mwezi ndi mwezi. Ndinkamudyetsa atagona pamiyendo panga, mutu chagada, phala lamadzimadzi kuti lisavute kumeza. Ankatsamwa, maso kufiira, mawu kumveka ngati ali ndi madzi pakhosi, ine n'kumangopitiriza poopa kuti afa ndi njala. Mayi wina wa mafizo, aja othandiza kulimbitsa ziwalo kuchipatala, ndi amene anandiona ndikudyetsa pabenchi, anakhala pansi pambali panga n'kundiuza kuti phalalo theka likupita m'mapapo. Anandionetsa kumukhazika tsonga, chibwano chowerama pang'ono, phala lolimbirako, sipuni yaing'ono, kudikira ameze kaye. Akamaliza kudya asagone mpaka patapita mphindi 30. Kudya kumodzi kumanditengera nthawi yoti mnzanga waphika nsima n'kutsuka mbale. Abambo ake anamukhomera kampando ka matabwa kokhala ndi motsamira mutu. Chichokereni Khirisimasi sitinagonekedwe.

A Sisita opuma (Bembeke): Mayi inu Mulungu akudalitseni, mwaphunzitsa ambiri. Ndipo poti mwatchula malungo, dziwani kuti si kubanika konse kumene kuli kwa m'mapapo. Mwana wa malungo aakulu amene magazi amuthera amapuma mozama ngati wathamanga, m'manja ndi m'zikope muli mbuu, pamene mapapo ali bwinobwino. Chimodzimodzi mwana wa shuga amene sanadziwike: amamwa madzi kwambiri, kukodza pafupipafupi, kuonda, kenako kupuma mozama ndi kusinza. Ameneyo akufunika insulin ndi diripi, osati mankhwala a chifuwa.

Aphunzitsi (Golomoti): A Sisita, nanga mwana wotupa nkhope ndi mapazi n'kumabanika? Kwathu kuno akangotero akuluakulu amati ndi tsempho, makolo asemphana pa mwambo. Chaka chatha mwana wa m'kalasi mwanga anakhala kunyumba mlungu wathunthu mabanja akukambirana za amene walakwa.

A Sisita opuma (Bembeke): Nkhani imeneyo imandipweteka, chifukwa mayi amanyozedwa uku mwana akumira. Kutupa kumabwera ndi kunyentchera, mtima, kapena impso. Za impso zimakonda kutsatira zilonda za pakhungu, monga mphere zimene zalowa mafinya, kapena zilonda zapakhosi. Patapita milungu ingapo mwana amadzuka zikope zitatupa, mkodzo wochepa wooneka ngati tiyi wopanda mkaka. Impso zikalephera kutulutsa madzi, madziwo amakadzaza m'mapapo. Ambiri amachira bwinobwino akafika msanga. Sindikunyoza akuluakulu athu, koma zokambiranazo zizichitika mwana ali kale kuchipatala. Ndipo mphini pachifuwa cha mwana wochepa kale magazi, chonde ayi.

Alangizi a zaumoyo (Kasina): Ndisiye manambala awa, muwasunge. Vundukulani chifuwa cha mwana ali phee, osati akulira, muwerenge kupuma kwake mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya pafoni. Wosakwana miyezi 2, kupuma ka 60 kapena kuposa ndi kofulumira. Wa miyezi 2 mpaka 11, ka 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, ka 40. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, ngati akubuula, milomo yada, akukanika kuyamwa kapena akungosinza, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku. Kwa mwana wa sikoselo musadikire zonsezi, thupi likangotentha kufika 38.5 kapena akangoti pachifuwa pakuwawa, pitani. Mukasowa wofunsa imbani 54747, Chipatala Cha Pa Foni.

Lamlungu

Amake Yamikani (Lobi): Mwadzuka bwanji abale anga. Dzulo madzulo amuchotsa pa mpweya, wagona usiku wonse popanda, m'mawa uno kachipangizo kawerenga 96. Botolo lija lagwira ntchito a Kiliniko, ana awiri a pabedi loyandikana nalo akulilira lawo. Akuti tikhalebe masiku awiri amalize jakisoni. Adokotala atiuza za mankhwala otchedwa hydroxyurea, akuti tikakambirane kukiliniki ya sikoselo. Alipo akuwadziwa? Apongozi anga akuti mankhwala omwa tsiku ndi tsiku amufooketsa. Akutinso kumtundu kwawo kulibe matenda amenewa, ndiye achokera kwa ine.

A Kiliniko (Dedza boma): Nkhani yabwino kwambiri imeneyi. Hydroxyurea amathandiza thupi kupanga mtundu wa magazi umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, umene supindika. Anawayesa pa ana a ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, ndipo ululu, malungo, kuthiridwa magazi ndi imfa zonse zinachepa. Vuto la m'chifuwali likachitika kamodzi limakonda kubwereranso, ndiye Yamikani ndi mmodzi mwa ana amene mankhwalawa angawathandize kwambiri. Chofunika ndi kumapita kukayezetsa magazi pa masiku amene akupatsani kuti aziona mlingo. Folic acid apitirize, neti usiku uliwonse, madzi akumwa ambiri. Za apongozizo, mwana sadwala sikoselo pokhapokha atatengera mbali zonse ziwiri, kwa mayi ndi kwa bambo. Inu nonse awiri munanyamula mbewu yake osadwala, ndipo pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi matendawa ndi umodzi pa inayi. Ngati n'kotheka abwere nawo kukiliniki adzamve okha.

Amake Yamikani (Lobi): Abambo ake awerenga uthengawu, akuti akawafotokozera okha amayi awo. Avomeranso kuti kamng'ono kake ka miyezi 10 tikakayezetse, chifukwa mwezi watha kanatupa timanja n'kumalira usiku wonse.

A Sisita opuma (Bembeke): Timanja totupato musachedwe nato, Yamikani asanatuluke funsani komweko kuti kayezedwe. Akakapeza nawo akayambitsa penisilini woteteza mpaka kadzakwanitse zaka 5.

ANaphiri (Mayani): Ife tsiku lathu lotenga mankhwala ndi Lachinayi. Ndafunafuna m'chikwama cha malemu ndapeza timabuku take tiwiri takale, kena kanadyeka ndi chiswe m'mbali koma zolemba zikuoneka. Nditenga tonse.

Amake Yamikani (Lobi): Ngati alipo wa ku Lobi amene akubwera kuboma mawa andiimbire, ndikufuna anditengere juzi ya Yamikani ndi chipewa kunyumba. Tinachoka mothamanga, ndipo pa njinga yamoto pobwerera kuzizira kwake mukukudziwa.